Nsapato Zakana Phazi la Jekete

Nsapato zija ndinasankha ndekha, zakuda, zachikopa chofewa, zoti Jekete adzavale tsiku lokaonana ndi bambo anga kachiwiri. Saizi sindinachite kumufunsa. Ntchito yanga ndi yogulitsa nsapato, ndipo phazi la mwamuna ameneyu ndinalidziwa ndisanadziwe n'komwe dzina lake. Tsiku loyamba analowa mushopu mwathu atavala jekete dzuwa likuswa mtengo, ine n'kumufunsa kuti, "Saizi yanji?" Kuyambira pamenepo iye amanditcha Saizi, ine ndimamutcha Jekete, ndipo mayina athu enieni anangotsala a paziphaso.

Jeketeyo sankavalira matama. Ankabisa khungu. Ali ndi nthenda imene madokotala amati soriyasisi, yotulutsa zigamba zokhuthala, zotuwa, zoyoyoka ngati mamba a nsomba, m'zigongono, m'mawondo, kumsana mpaka m'mutu. Siyopatsirana, koma kawauzeni zimenezo bambo anga. Ulendo woyamba umene ndinapita naye kwathu, bambo anakana kumupatsa dzanja. Atangotuluka, iwo ananyamula mpando umene anakhalapo n'kukauika padzuwa, kenako n'kundiuza kuti mwana wawo sangakwatiwe ndi munthu wofundula ngati njoka. Ndinalira, ndinanyanyala chakudya, ndinatuma azakhali, mpaka bambo anafewa pang'ono pokha. "Akachira abwere ndidzamuone," anatero. "Akapanda kuchira usandisokosere."

Ndiye kunabwera jakisoni. Dokotala wa khungu anamuika pa mankhwala atsopano, odzibaya yekha pantchafu pakapita milungu ingapo, osungidwa m'firiji. Popeza kuchipinda kwake kulibe firiji, kabokosi kake kamakhala kwa amayi ake, pakati pa mazira ndi botolo la madzi. Tsiku lobaya likafika, amatulutsa jakisoniyo n'kumusiya kaye patebulo kuti achoke kuzizira, chifukwa wozizira amaluma. Sipanapite miyezi yambiri zigamba zonse zinazimirira. Munthu uja anasalala, anagula malaya amanja aafupi, anayamba kukweza mkono m'basi mopanda manyazi. Ine ndinkangoona ukwati uli pakhomo.

Loweruka masana anandichingamira pansi pa masitepe a nyumba yosanja imene amachita lendi. Tisanafike n'komwe pakati, anaima n'kutulutsa foni ngati wina waimba. Foniyo inali zii. Chimene ndinkamva ndi mpweya wake, wefuwefu, ngati wathamangitsidwa ndi galu.

"Wakalamba liti?" ndinamuseka.

"Ndakhuta," anatero.

M'chipinda ndinagwada n'kumuvula nsapato zake zakale. Zingwe anali atachotsamo. Ndinatenga yatsopano yakumanja, zala zinalowa, koma chidendene chinakana. Ndinayesa yakumanzere, chimodzimodzi.

"Wagula zazing'ono, Saizi. Akuchotsa ntchito iwe."

"Phazi ili ndimalidziwa kuposa mwini wake."

Ndinamupinda thalauzi. Akakolo anali atasowa, mwendo wangotsika mofanana ngati munsi. Ndinadinikiza chala pamwamba pa phazi, ndipo nditachotsa, kadzenje kanatsala pomwepo osabwerera.

"Zayamba liti zimenezi?"

"Ndi kuimirira kwa kuntchito."

"Nanga izi?" Kumutu kwa bedi anali atasanjikiza mapilo, bulangete lopinda ndi chikwama cha zovala.

"Ndikagona chagada ndimabanika pang'ono. Si nkhani." Anandigwira chibwano n'kundionetsa mkono wake wosalala. "Yang'ana kuno, osati pansi. Bambo ako adzayang'ana apa."

Ndinamwetulira kuti asadandaule, koma mantha anali atandilowa kale. Nsapato ndinazibwezera m'bokosi n'kutuluka nazo.

*

Potsika ndinakumana ndi Wasaluni. Ameneyu ndi chibwenzi chakale cha Jekete, mkazi amene anamuthawa nthawi imene khungu linafika poipa, n'kumauza makasitomala ake kuti iye sangamachape mapilo tsiku lililonse chifukwa cha mamba a munthu. Atangomva kuti wasalala, anayamba kudutsa msewu umenewu ngati kwina kulibe njira. Tsiku limenelo anali ndi kachikwama ka makina ometera, fungo la mafuta ake litatsogola kale.

"Zikomo, mkazi mnzanga," anatero akumwetulira.

"Anzako wawasiya kusaluni. Ukufuna chiyani kuno?"

"Ndabwera kudzamumeta. Mutu uja tsopano ukugwirika."

"Pamene unkayoyoka unali kuti?"

"Ndinkadikira wina andichapire." Anayang'ana bokosi limene ndinakumbatira. "Zakana? Pepa. Zinthu zina zimadziwa mwini wake."

Ndinalakalaka kumukhoma ndi bokosi lomwelo, koma mutu wanga unali pa kadzenje kaja ka paphazi. Mantha amapusitsa, chifukwa ndinapezeka ndikupempha mdani. "Ukafika umuone mmene akupumira," ndinamuuza.

"Akandiona ine aliyense amapuma choncho," anatero, n'kukwera masitepe akugwedeza m'chiuno.

Ndili m'basi uthenga unalowa. Anali Jekete. "Wabwera yekha, sindinamuitane. Ndamubweza. Usakwiye."

Ndinayankha kuti, "Sindinakwiye. Ndikuopa."



*

Sindinapite kwathu. Ndinatsikira kwa amayi a Jekete, ndipo ndinawapeza akusita zovala kukhitchini, wailesi ikulira chapansipansi. Amayi amenewa sanandidepo, koma nkhani ya mpando uja inawafika ndipo sanaiiwale.

"Amayi, mapazi a mwana wanu atupa. Akubanika pokwera masitepe. Akugona chokhala."

Anaimika simbi. "Mtima uja wayambanso?"

"Mtima uti?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mukufuna kukwatirana, chonsecho sanakuuze?"

Anakoka mpando n'kukhala. Anandifotokozera kuti zaka zapitazo, ine ndisanamudziwe, Jekete anadwala kwambiri, ndipo atachira madokotala anapeza kuti mtima wake watsala wofooka, sukupopa magazi mokwanira. Anamupatsa mapiritsi oti azimwa osadumphitsa. Iye anamwa mpaka atamva bwino, kenako n'kusiya, n'kumati mnyamata sayenda ndi mapiritsi m'thumba ngati nkhalamba.

"Dokotala wa khungu akudziwa zimenezi?"

"Chipatala chake n'china, koma si amafunsa? Ine ndimati anawauza." Anadzuka n'kutsegula firiji. Kabokosi kaja kanali pamalo pake, ndipo munatsala jakisoni mmodzi. "Ndimasunga ndine. Magetsi akazima ndimathamanga nako kwa aneba ngati khanda. Ngati nthawi yonseyi ndakhala ndikusamala chinthu chondiphera mwana..."

Anatseka firiji, ndipo atatembenuka, mkwiyo wonse unagwera ine.

"Mwana wanga ankakhala ndi khungu lake. Linkamuyabwa, inde. Ankavala jekete, inde. Koma masitepe ankakwera akuthamanga. Mpaka bambo ako anamuanikira mpando padzuwa. Mumafuna chikomekome cha mkuyu, ndi chimenechi mwachipeza."

"Amayi, ine ndinamukonda ali ndi zigamba."

"Ndiye bwenzi utakwatiwa naye ali ndi zigamba zomwezo, osati kumudikiritsa chilolezo."

Ankanena zoona. Ndinatuluka misozi ili mbwembwembwe, ndipo sanandiperekeze.

*

Lolemba nthawi ya nkhomaliro tinakumana pabenchi ya kuseri kwa shopu yathu. Jekete anabwera atavala mapatapata, akuyenda pang'onopang'ono ngati sakufuna kudetsa mapazi.

"Dokotala anakufunsa za mtima?"

Sanadabwe. "Amayi alankhula."

"Ndakufunsa funso, Jekete."

"Anafunsa." Anayang'ana pansi. "Tsiku limenelo tili pamzere, bambo wina amene ndinayandikana naye anatuluka akudandaula kuti amukaniza jakisoni chifukwa ali ndi vuto la mtima. Ndinamuona manja ake, Saizi. Anali ngati anga. Nditalowa ine, dokotala anafunsa za chifuwa chachikulu, ndinati ayi. Anafunsa za chiwindi, ndinati ayi. Atafunsa za mtima, ndinangoona mpando uja uli padzuwa. Ndinati ayi."

"Unanamiza dokotala."

"Nthawi imeneyo ndinkamva bwino. Ndimati unachira."

"Nanga pano?"

Anandionetsa chigongono. Panali kachigamba kakang'ono, kotuwa, kongoyamba kumene. "Tsiku lobaya likamayandikira kamatuluka. Ndikabaya kamalowa. Ndikapanda kubaya kamaitana anzake. Kwatsala jakisoni mmodzi, tsiku lake ndi Lachisanu. Ndibaye ameneyo, ndikaonekere kwa bambo ako, avomere. Zikatero undigwire dzanja wekha, ndikaulule zonse kwa dokotala."

"Nanga ukapanda kufika tsikulo?"

"Ndifika."

"Ukulephera kuvala nsapato."

"Ndidzavala zazikulu. Si zadzaza mushopu mwanumo?" Anayesa kuseka, koma kusekako kunasanduka chifuwa, ndipo anatsokomola mpaka kugwira benchi. Atapeza mpweya analankhula motsitsa mawu. "Iwe sudziwa. Sunakwerepo basi yodzaza, anthu n'kulolera kuimirira mpando wa pafupi nawe uli wopanda munthu. Sunaonepo mayi akukoka mwana wake kuti asakukhudze. Miyezi imeneyi ndi yoyamba ine kuyenda ngati munthu. Ukandilanda zimenezi wandilandanso iwe, chifukwa bambo ako sadzandilandira."

"Tikhoza kukwatirana popanda iwo."

"Ungathe? Bambo amene anakulera okha? Ukanakhala wotha bwenzi utachita kale."

Mawu amenewo anandibaya, ndipo iye anaona kuti andibaya. Anandigwira dzanja. Lake linali lozizira.

"Lachinayi ndi tsiku langa loonana ndi dokotala. Ukafuna tipitire limodzi, koma pakamwa utseke. Ukanena, ine ndi iwe zathera pomwepo. Sindikuopseza, ndikukupempha."

Ndinagwira njakata. Ndikakhala chete ndimuperekeza kumanda, ndikalankhula ndimutaya. Ndinangoweramitsa mutu, ndipo iye anayesa ndavomera.

*

Madzulo ake ndinayesa khomo lomaliza. Bambo anali panja akupukuta galimoto yawo yakale, imene amaisamala kuposa mmene imayendera.

"Bambo, zitachitika kuti zigamba zija zabwerera pang'ono..."

Dzanja linaima. "Zabwerera?"

"Ayi, ndikungofunsa. Nthenda ija siyopatsirana, bambo. Dokotala ananena."

"Ndikudziwa. Azakhali ako anandilalikira mpaka makutu kuwawa. Za mpando zija ndinalakwitsa."

Chibadwire sindinamvepo bambo akunena mawu amenewo.

"Koma nkhani si imeneyo," anapitiriza, akupinda kansalu. "Amayi ako ndinawadwazika nthawi yaitali. Iwe unali wamng'ono, sukumbuka zambiri. Ndinawasambitsa, ndinawatembenuza, ndinagona pansi m'makonde a zipatala. Sindidandaula, anali mkazi wanga. Koma sindinakulerere kuti ukalowe m'banja ndi kapu ya mankhwala m'manja. Ine si dokotala, za m'kati sindiziona. Chimene ndikutha kuona ndi khungu. Likakhala bwino, ndidziwa kuti munthuyo ndi wathanzi, mtima wanga ukhala m'malo."

Ndinafuna kuwauza kuti khungu limanama, kuti munthu akhoza kusalala kunja m'kati akumira. Koma ndikanayamba bwanji? Bambo amene anakana zigamba akanalandira mtima wofooka?

"Ndawauza azakhali ako ndi amalume ako kuti abwere Lamlungu lino," anatero. "Tisachedwetse. Umuuze mnyamatayo abwere atavala malaya amanja aafupi, tithane nazo."

"Lamlungu lomwe lino?"

"Si iwe umafuna zachangu?" Anamwetulira, koyamba pa nkhani imeneyi. Kumwetulira kumeneko kunandipweteka kuposa mpando uja.

Nditamutumizira Jekete uthenga wa tsikulo, anayankha nthawi yomweyo. "Waona? Mulungu ali mbali yathu. Kwangotsala pang'ono, pirira."

*

Lachinayi anabwera kuchipatala atavala thalauzi lalitali ndi nsapato zobwereka, zazikulu ngati mabwato. Ine ndinali ndi chikwama changa chachikulu, ndipo sanafunse chimene chinali m'katimo.

Dokotala wake ndi mayi wamtali, wa imvi m'mbali mwa mutu, wolankhula mosathamanga. Anamuyang'ana zigongono, kumsana, m'mutu, akugwedeza mutu mokhutira.

"Khungu likumvera. Pali chachilendo chilichonse? Kutentha thupi, chifuwa, kubanika?"

"Palibe, adokotala."

Pansi pa tebulo anandifinya dzanja mpaka zala kuwawa. Dokotala anatenga cholembera kuti amulembere majakisoni ena. Ndinayang'ana khosi la Jekete, ndinaona mmene ankabisira mpweya, akupuma ndi mphuno mwakachetechete kuti asamveke. Ndinaganiza za Lamlungu, za diresi limene ndinali nditasita kale, za bambo akumwetulira. Kenako ndinasolola dzanja langa, ndinatsegula chikwama, n'kuika bokosi la nsapato patebulo la dokotala.

"Adokotala, nsapato izi ndi saizi yake yeniyeni. Zikukana kulowa. Muoneni mapazi."

"Saizi," Jekete ananong'ona.

Sindinamuyang'ane. Dokotala anaika cholembera pansi n'kumuuza kuti avule. Anadinikiza paphazi monga ndinachitira ine, anamuyang'ana mitsempha ya m'khosi, anamumvetsera m'chifuwa ndi kumsana nthawi yaitali. Nkhope yokondwa ija inachoka.

"Munadwalapo mtima?"

Ndinayankha ndine. Ndinanena zonse, za matenda akale, za mapiritsi amene anasiya, za mapilo osanjikiza.

Dokotala sanakalipe, ndipo mwina zikanakhala bwino akanakalipa. "Bambo, mvetserani. Anthu ambiri amabaya majakisoni amenewa mtima wawo osadandaula. Nthenda ya khunguyi nayonso ikalekereredwa simaukomera mtima. Koma majakisoniwa alipo mitundu ingapo. Mtundu umene ndinakupatsaniwu sitiupereka kwa munthu amene mtima wake ndi wofooka chonchi, chifukwa ukhoza kuwonjezera kufookako. N'chifukwa chake ndinakufunsani. Sindinganene lero kuti wachita izi ndi jakisoni yekha, popeza mapiritsi anunso munasiya. Koma ameneyu simubayanso."

"Ndikanakuuzani mukanandikaniza, ngati bambo uja tsiku lija."

"Za wodwala wina sindikamba. Koma kukaniza mtundu umodzi si kukaniza yonse. Mukanandiuza zoona, bwenzi titakambirana ndi madokotala a mtima n'kukusankhirani wina."

Ndinamuona Jekete akumeza mawu amenewo ngati mwala. Bodza lonse lija, mantha onse aja, zinali zopanda ntchito.

"Ndiye ndipatseni winayo lero."

"Osati lero. Poyamba akuoneni a mtima, madzi amene adzaza m'thupimu achoke, muyambirenso mapiritsi. Ndikukugonekani lero lomwe."

"Nanga khungu?"

"Likhoza kubwerera pakadali pano. Tilithandiza ndi zodzola mpaka nthawi itakwana."

"Adokotala, Lamlungu ndikukaonana ndi apongozi."

"Lamlungu lino mukhala muli pabedi muno, ngati mukufuna kudzaona Lamlungu linalo." Anatembenukira ine. "Ngati kunyumba kwatsala jakisoni, mubweretse kuno. Asamukhudze."

Anatuluka kukakonza za bedi, ndipo namwino anapita kukatenga chikuku chonyamulira odwala. Tinatsala awiri pabenchi ya m'khonde, bokosi la nsapato lili pakati pathu.

"Unalonjeza," anatero.

"Sindinalonjeze."

"Masiku ochepa okha, Saizi. Unalephera kupirira masiku ochepa okha."

"Ndikufuna mwamuna wamoyo. Ukhale ndi zigamba mpaka m'maso, ndikufuna wamoyo."

"Ukawauze bambo ako zimenezo." Maso ake anali ofiira, koma sanalire. "Wandivula pamaso pa anthu. Wasaluni anandithawa, koma sanandichite chonchi."

Anadzuka n'kunena kuti akupita kuchimbudzi. Ndinamuona akuyenda mogwira khoma mpaka anakhota. Namwino anabwera ndi chikuku, tinadikira, tinagogoda, tinatsegula. Munalibe munthu. Mlonda wa pageti anati waona bambo wa nsapato zazikulu akukwera takisi. Ndinaimba, foni inali yozimitsa.

*

Ndinadziwa kumene maganizo ake anathamangira, choncho ndinathamangira komweko. M'basi ndinawaimbira amayi ake kambirimbiri, koma foni yawo imakhala m'chipinda pansi pa pilo ngati ikudwala. Basi nayo inkaima pena paliponse, ine ndikungotafuna milomo.

Ndinalowa osaodira. "Amayi, kabokosi kaja. Dokotala waletsa. Ndipatseni."

Anandiyang'ana modabwa. "Si mwatuma munthu kale?"

"Munthu wake uti?"

"Mtsikana uja wa saluni. Wabwera pa takisi, akuti inu muli kuchipatala, dokotala akufuna kabokosiko msanga. Ndamukulungira m'kansalu kuti kasatenthe."

Ndinatsegula firiji ngati sindinamve. Mazira analipo, botolo la madzi linalipo, pakati pake panali mpata. Ndinakhala pansi pomwepo, chitseko cha firiji chili chotsegula.

"Ali kuti mwana wanga?" amayi anafunsa. "Iwe, ali kuti mwana wanga?"

Ndisanayankhe foni inanjenjemera. Nambala yachilendo, chithunzi. Mapazi awiri otupa atasanjikidwa pa kampando ka m'saluni, ndipo pambali pake, patebulo la zipeso, jakisoni ali pa kansalu ka amayi. Pansi pake panali mawu.

"Ali kuno, mkazi mnzanga. Akuti iwe wamupereka. Ine sindiletsa mwamuna chimene akufuna. Akuti mawa n'kutali, tikungodikira achoke kuzizira."

Ndinaimba nambalayo. Inalira kamodzi n'kudulidwa. Ndinalemba kuti, "Usamulole, mtima wake ukudwala, dokotala waletsa, ndikukugwadira." Yankho linabwera la kankhope koseka. Mkaziyo sankadziwa chimene anagwira m'manja. Iye ankayesa tikulimbirana mwamuna.

Saluniyo ili kutsidya lina la tauni. Pa basi ndikanafika jakisoni atalowa kalekale, ndipo munthu wolephera masitepe ndikanamunyamula ndi chiyani? Amayi anali atagwira chitseko cha firiji, akutchula dzina la mwana wawo mobwerezabwereza. Ndinasowa mtengo wogwira.

Foni inaliranso. Ndinayankha ndisanaone n'komwe woimba.

"Mwanawe," anali bambo, mawu ali myaa. "Ndili pano ndikutsuka mipando ya alendo. Mnyamata uja amakonda tiyi kapena zoziziritsa kukhosi? Ndisachitenso manyazi kachiwiri."

Kwathu ndi pafupi ndi kwa amayi a Jekete. Galimoto ija, ukalamba wake womwewo, inali yokhayo yotha kufika msanga. Ndinadziwa kuti kuipempha kunali kuwaululira bambo zonse, ndipo ndinatseka maso.

"Bambo, lizani galimoto. Mundipeze kwa amayi ake pompano. Pali chimene sindinakuuzeni."

"Chachitika n'chiyani?"

"Akudwala, bambo. Tikachedwa timutaya."

"Zigamba zija?"

"Ayi. Mtima. Ndi wofooka kuyambira kale, ndipo si wochira lero kapena mawa. Ndi wa mankhwala moyo wake wonse. Ndikumufunabe, bambo. Chonde bwerani."

Ndinakanikiza foni kukhutu, kutchera kuti ndimve kulira kwa makiyi. Ndinangomva bambo akupuma.